Danny McLennan: mphunzitsi yemwe adapita ndi Flames ku Bouaké

Tikamva za anthu a ku Scotland omwe adagwirako ntchito m'dziko muno, ambirife timaganiza za amishoni omwe adamanga matchalitchi, sukulu ndi zipatala ku Blantyre, ku Livingstonia komanso ku Mulanje Mission. Koma padali mkulu wina wa ku Scotland komweko yemwe sadabwere ndi Baibulo. Iye adabwera ndi wezulo. Dzina lake lidali Danny McLennan.

McLennan adabadwira mumzinda wa Stirling pa 5 May 1925. Ali mnyamata ankasewera pakati, ndipo adatchuka kwambiri kutimu ya East Fife. Iyi idali timu ya m'tauni yaing'ono, koma m'chaka cha 1953 idagonjetsa Partick Thistle 3-2 pabwalo la Hampden mumzinda wa Glasgow n'kutenga chikho cha Scottish League Cup. McLennan adasewera nawo tsikulo.

Atapachika nsapato adayamba uphunzitsi. Adaphunzitsa Berwick Rangers, kenaka Stirling Albion ya kwawo, yomwe adaikweza kupita muligi yaikulu mu 1961. Posakhalitsa adalongedza katundu wake n'kuyamba ulendo womwe udamutengera zaka zoposa 30. Adaphunzitsa matimu a mayiko monga Philippines, Mauritius, Rhodesia, Iran, Bahrain, Iraq, Malawi ndi Fiji.

Chodabwitsa pa moyo wa mkuluyu n'choti matimu omwe anthu ankawaderera ankawafikitsa pakhomo penipeni pa chipambano, koma chitseko chinkatsekeka atatsala pang'ono kulowa. Mu 1969 adali ndi timu ya Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe, pamasewero odzigulira malo ku World Cup. Kaamba ka ndale za boma la Ian Smith, masewero awo ndi Australia adachitikira ku Lourenço Marques, komwe lero ndi ku Maputo. Matimuwo adalepherana kawiri, 1-1 ndi 0-0, ndipo Rhodesia idagonja 3-1 pamasewero achitatu. Mu 1976 adafikitsa Iraq mundime yotsiriza ya chikho cha Gulf Cup, koma Kuwait idawalanda nyama pakamwa.

Kuno kumudzi, dzina la McLennan silingasiyane ndi chaka cha 1984. M'mwezi wa March chakacho, Flames idasewera koyamba mundime yotsiriza ya Africa Cup of Nations m'dziko la Ivory Coast, ndipo iye ndiye adali mphunzitsi. Nthawi imeneyo dziko lino lidalibe wailesi yakanema, choncho mpira umamveredwa pawailesi ya MBC basi.

Mumzinda wa Bouaké zinthu zidayamba moipa pomwe Algeria idatithibula 3-0. Koma pamasewero achiwiri, Harry Waya ndi Clifton Msiya adamwetsa zigoli ziwiri pagolo la Nigeria m'chigawo choyamba. Malawi idali patsogolo 2-0. Chimwemwecho sichidakhalitse chifukwa Clement Temile adabweza zigoli zonse ziwiri nthawi yopumulira isadakwane, ndipo masewero adatha 2-2. Nigeria yomweyo idakafika mufainolo ya mpikisanowo. Flames idagonjanso 1-0 ndi Ghana n'kubwerako ndi pointi imodzi.

Ena angati pointi imodzi n'chiyani. Koma padatenga zaka 26 kuti Malawi ipondenso pampikisanowu. Izi zidachitika mu 2010 ku Angola, komwe anyamata a Kinnah Phiri adabweza chipongwe pothibula Algeria 3-0, zigoli zofanana ndendende ndi za ku Bouaké zija.

McLennan sadaione tsiku limenelo. Adamwalira pa 11 May 2004 m'tauni ya Crail, m'mbali mwa nyanja kwawo ku Scotland, ali ndi zaka 79. Ngati pakhomo panu pali agogo okonda mpira, afunseni za tsiku lomwe Nigeria idatsalira ndi zigoli ziwiri. Konzekani kukhala pansi nthawi yaitali.