Jack London: Mmphawi yemwe adabisa mbiri yake mwa galu

Anthu ambiri amene adaonera kanema wa The Call of the Wild yemwe adatuluka mu 2020 amakumbukira galu wamkulu wanthabwala, Buck, ndi nkhalamba yandevu yomwe adaisewera Harrison Ford. Ochepa ndi amene amadziwa kuti buku lomwe kanemayu adachokera ndi la nkhanza, njala ndi magazi, komanso kuti zambiri mwa izo mlembi wake, Jack London, adadutsamo yekha.

London adabadwa pa 12 January 1876 mumzinda wa San Francisco ku America. Bambo yemwe amaganiziridwa kuti ndiye adamubereka, William Chaney, adakana mimba. Mayi ake, Flora Wellman, adadwala atachira ndipo khandalo adaliyamwitsa ndi Virginia Prentiss, mayi wachikuda yemwe kale adali kapolo. Dzina la London adalitenga kwa bambo omupeza, John London.

Pakhomo padali posauka. Ali mnyamata adayamba kugulitsa nyuzipepala, kenako adalowa ntchito pa fakitale yoika zakudya m'zitini komwe ankagwira maola oposa 12 pa tsiku. Atatopa, adabwereka ndalama kwa mayi Prentiss n'kugula bwato lomwe ankabera nkhono za m'nyanja usiku. Mu 1893 adakwera sitima yapamadzi ya alenje mpaka kufupi ndi Japan, ndipo mu 1894 adakhala m'ndende masiku 30 mumzinda wa Buffalo pa mlandu wongoyendayenda opanda pokhala.

Ndendeyo idamutsegula maso. Adabwerera kusukulu ndipo mu 1896 adalowa yunivesite ya California ku Berkeley, koma adangophunzira miyezi yochepa kaamba kosowa fizi.

Mu July 1897 adamva kuti ku Klondike, kumpoto kwa Canada, kwapezeka golide, ndipo adanyamuka limodzi ndi chinamtindi cha anthu. Kumeneko kumazizira moti mitsinje imauma n'kukhala ngati mwala, ndipo katundu ankakokedwa ndi agalu pa ngolo zopanda mateyala zotsetsereka pamadzi oundana. Golide sadamupeze. Adadwala matenda obwera chifukwa chosowa zipatso ndi ndiwo zamasamba, mano ake akutsogolo adaguluka, ndipo mu 1898 adabwerera kwawo chimanjamanja.

Koma m'tauni ya Dawson adadziwana ndi anyamata awiri apachibale, Marshall ndi Louis Bond, omwe adali ndi chigalu chachikulu. Galu ameneyu ndiye adadzakhala Buck.

Bukuli lidatuluka mu 1903. Limasimba za Buck, galu wapabanja lolemera ku California, yemwe adabedwa ndi wantchito wam'munda wokhala ndi ngongole za juga. Wogula adamuthyapa ndi chibonga mpaka kukomoka, ndipo adagulitsidwa ku Klondike kukakoka ngolo ya makalata. Kumeneko adaphunzira kuba chakudya, kugona m'dzenje pothawa chisanu, ndi kumenyera moyo wake. Adalimbana ndi Spitz, mtsogoleri wa agaluwo, ndipo Spitz adafera pomwepo.

Atatsala pang'ono kufa ndi njala m'manja mwa anthu atatu osadziwa kusamala agalu, adapulumutsidwa ndi John Thornton. Pobweza chikondicho, Buck adamuvuula pamtsinje, komanso adamupindulira pa mpikisano pokoka ngolo ya ufa wolemera makilogalamu oposa 450. Thornton ataphedwa, Buck adalowa m'tchire n'kukakhala mtsogoleri wa mimbulu.

Amene wawerenga mbiri ya London saona zachilendo pamenepa. Kugwira ntchito yakalavulagaga, moyo wa m'ndende, njala ndi chisanu, zonsezi adazilawa asadafike zaka 23. N'chifukwa chake Buck wa m'buku sayankhula kapena kuchita zoseketsa. Nkhani yonse imaoneka kudzera m'maso mwa nyama yomwe ikuphunzira kuti wofooka sakhalitsa.

Apa ndi pomwe opanga makanema akhala akuvutikira. Kanema wa 1935 adaika patsogolo katswiri Clark Gable ndipo adawonjezamo mkazi, Loretta Young, yemwe m'bukumo mulibe. Nkhani ya galu idasanduka ya chibwenzi, Buck n'kukhala womperekeza chabe. Wa 1972, wa Charlton Heston, adayandikirako ku buku.

Wa 2020, yemwe adatsogolera ndi Chris Sanders, adabwezera Buck pakati pa nkhani, koma galuyo ndi wopangidwa pa kompyuta. Munthu wina, Terry Notary, ndiye ankakwawa ndi kudumpha ngati galu pojambula. Zotsatira zake Buck amakweza zikope ngati munthu mpaka kumaletsa Thornton kumwa mowa. Kumenya kwa chibonga kudachepetsedwa, Spitz akagonja amangothawa, ndipo Thornton adapatsidwa mbiri yoti adafedwa mwana, zomwe London sadalembe. Kanemayu ndi wabwino kuonera ndi ana, koma ululu womwe udabala bukuli mudatsala wochepa.

Pali malo amodzi pomwe kanemayu adachita bwino kuposa buku. London adalemba kuti Thornton adaphedwa ndi a Yeehat, mtundu wa eni nthaka womwe adangoupeka n'kuujambula ngati anthu olusa. Kanema adachotsa zimenezi, ndipo wopha Thornton ndi Hal, mzungu wadyera la golide. London adali ndi maganizo a tsankho omwe amaonekanso m'zolemba zake zina, monga pomwe ankafuna kuti papezeke mzungu wogonjetsa katswiri wankhonya wachikuda, Jack Johnson. N'zodabwitsa kwa munthu yemwe adayamwa bere la mayi Prentiss, komanso yemwe ankamenyera ufulu wa anthu apantchito.

Pa nkhani ya ndalama, bukuli lidamupweteka. Magazini ya Saturday Evening Post idamupatsa madola 750 ndipo kampani ya Macmillan idagula umwini wonse ndi madola 2,000. Mabuku mamiliyoni omwe adagulitsidwa pambuyo pake sadamubweretsere kalikonse. Komabe dzina lidatchuka, ndipo White Fang wa 1906 ndi mabuku ena adamuika m'gulu la alembi olandira ndalama zambiri a nthawi yake.

Ankalemba mawu 1,000 tsiku lililonse, koma ndalama zinkatha msanga. Adagula famu ku Glen Ellen ndipo adamanga chinyumba chotchedwa Wolf House, chomwe chidapsa mu August 1913 asadagonemo ngakhale tsiku limodzi. Mowa ndi matenda a impso zidamufooketsa, ndipo adamwalira pa 22 November 1916 ali ndi zaka 40, atalemba mabuku pafupifupi 50.

Famu yake lero ndi malo osungidwa ndi boma la California, ndipo makoma a miyala a Wolf House adakalipo. Makolo omwe ana awo adakonda Buck wa pa kanema angachite bwino kuwapezera bukuli akasinkhukirapo. Ndi lalifupi, mitu isanu ndi iwiri yokha, ndipo mmenemo ndi momwe akakumane ndi Jack London weniweni.