Vincent de Paul Woyera ndi Makalata Ake a M'nthawi ya Nkhondo

Vincent de Paul Woyera adabadwa m'chaka cha 1581 m'mudzi wa Pouy, m'dziko la France, m'banja la alimi. Adalandira unsembe mu 1600, ndipo mu 1625 adayambitsa chipani cha Ansembe a Mishoni, chimene pambuyo pake likulu lake lidakhala nyumba ya Saint-Lazare mu mzinda wa Paris.

M'chaka cha 1648 mudabuka nkhondo yapachiweniweni yotchedwa Fronde, akuluakulu a dziko ataukira boma la Mfumukazi Anne ndi nduna yake, Kadinala Mazarin. Mu Januwale 1649 Bambo Vincent adapita ku Saint-Germain kukapempha mtendere, koma mau awo adapita pachabe. Iwo atachoka mu Paris, asilikali 600 adalowa m'nyumba ya Saint-Lazare naononga chakudya. Munda wa ku Orsigny, umene unkadyetsa ansembewo, udafunkhidwanso, ndipo ndalama zimene ankalandira kuchokera ku ngolo zonyamula apaulendo zidaleka kubwera.

Nkhokwe zitatha, chidawatsalira ndi cholembera. M'makalata opita kwa akulu a nyumba za chipani, ndiponso kwa Louise de Marillac amene ankalera ana otayidwa, Bambo Vincent sadabise umphawi wawo. Ankanena poyera kuti ndalama palibe, nalangiza ansembe kuti achepetse zakudya, koma osatsekera amphawi khomo.

Ansembe amene adatumidwa ku zigawo za Picardie ndi Champagne ankalemba za njala ndi maliro amene ankaona. Kuyambira 1650 makalata amenewa ankasindikizidwa ndi kugawidwa mu Paris, ndipo Amayi a Chifundo, powawerenga, ankasonkha ndalama, zovala, mbeu ndi zipangizo zolimira. Pa 16 Ogasiti 1652 Bambo Vincent adalemberanso Papa Innocent X, kupempha kuti ayanjanitse omenyanawo. Nkhondo idatha mu 1653.

Adamwalira pa 27 Sepitembala 1660, ndipo Papa Clement XII adawalemba m'kaundula wa Oyera mu 1737. Makalata awo okwana ngati 3,000 adasungidwa mpaka lero. Mwa iwo akhristu a parishi ino, amene nawonso adaona nkhondo ya abale okhaokha, angathe kuona kuti munthu wosowa chopereka akhoza kupulumutsa anzake pongofotokoza zoona za mavuto awo kwa amene ali nazo.