Jon Postel: katswiri amene anathandiza makompyuta osiyana kumvana

Pa 16 Okutobala 1998, mumzinda wa Santa Monica ku California m'dziko la America, munamwalira a Jonathan Bruce Postel. Anali ndi zaka 55, ndipo imfa yawo inadza chifukwa cha zovuta zimene zinabuka atachitidwa opaleshoni ya mtima.

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, dzina limeneli n'lachilendo ngakhale kwa anthu amene amaswera pa kompyuta tsiku lonse. Komatu kalaliki wa ku Vubwi akatumiza lipoti ku Chipata pa imelo, kapena wogula soya ku Sinda akafunsa mtengo wa ku Lusaka pa foni, uthengawo umadutsa m'makina angapo amene sanapangidwe ndi kampani imodzi. Foni imayendera Android, kompyuta ya muofesi imayendera Windows, ndipo makina aakulu olandira uthengawo kawirikawiri amayendera Linux. Kuti zonsezi zimvane pamafunika malamulo amene onse agwirizana, ndipo ambiri mwa malamulo oyambirira analembedwa kapena kukonzedwa ndi a Postel.

A Postel anabadwa pa 6 Ogasiti 1943 ku Altadena, ku California komweko. Anaphunzira pa sekondale ya Van Nuys, kumenenso anaphunzira a Vint Cerf ndi a Steve Crocker, anthu awiri amene anadzagwira nawo ntchito pambuyo pake. Pa yunivesite ya UCLA analandira digiri yoyamba ya uinjiniya mu 1966, yachiwiri mu 1968, ndipo ya udokotala wa sayansi ya makompyuta anailandira mu 1974.

Anali adakali wophunzira pamene nthambi ya kafukufuku ya unduna wa zachitetezo ku America, yotchedwa ARPA, inayamba kulumikiza makompyuta a m'mayunivesite mu 1969. Malo anayi oyamba anali UCLA, Stanford Research Institute, yunivesite ya California ku Santa Barbara ndi yunivesite ya Utah. Pa malo anayiwa panali makina anayi osiyana: SDS Sigma 7, SDS 940, IBM 360/75 ndi PDP-10 ya kampani ya DEC. Makina alionse anali ndi pulogalamu yakeyake yowayendetsa. Pa 29 Okutobala chaka chimenecho, wophunzira wina wa ku UCLA, a Charley Kline, anayesa kulowa m'kompyuta ya ku Stanford Research Institute polemba liwu lakuti LOGIN. Atangolemba zilembo ziwiri zoyamba, makina a tsidya linalo anaima.

Masiku amenewo munthu sankakhala ndi kompyuta yake patebulo. Kompyuta inali chimakina chodzaza chipinda, ndipo anthu ankalankhula nayo kudzera pa chipangizo chotchedwa terminal. Chipangizochi chinali ngati makina otayipira: munthu ankalemba pa kiyibodi, ndipo yankho linkatuluka papepala kapena pagalasi. Vuto linali lakuti kampani iliyonse inkapanga terminal yoti izimvana ndi kompyuta yake yokha.

Kusiyanaku kunali kozama. M'kompyuta chilembo chilichonse chimasungidwa ngati nambala. Makina otsatira dongosolo la ASCII ankadziwa chilembo chachikulu cha A ngati 65, pamene makina a IBM, otsatira dongosolo la EBCDIC, ankachidziwa ngati 193. Makina ena ankalandira chilembo chimodzi chimodzi pamene munthu akulemba, ena ankadikira mpaka mzere wonse utatha. Ngakhale nkhani ya mmene mzere umathera inali yosagwirizana. Alembi akale amene anagwirapo ntchito ndi makina otayipira m'maofesi a boma amakumbukira kuti mzere ukatha pamachitika zinthu ziwiri: chonyamula pepala chimabwerera poyambira, ndipo pepala limakwera mzere umodzi. Makompyuta anatengera zimenezi ngati zizindikiro ziwiri, CR ndi LF, koma ena ankafuna zonse ziwiri pamene ena ankafuna chimodzi chokha.

Njira yowoneka yapafupi inali yoti kompyuta iliyonse iphunzire kalankhulidwe ka inzake yonse. Pa makina anayi zimenezi zikanafuna mapulogalamu omasulira 12. Pa makina khumi zikanafuna 90, ndipo makina atsopano akafika, aliyense akanayambiranso ntchito.

Gulu la akatswiri achinyamata lotchedwa Network Working Group, m'mene munalinso a Postel, linasankha njira ina. Linagwirizana za terminal yongoganizira, imene kunalibe kampani yoipanga, ndipo inatchedwa Network Virtual Terminal. Inali yosavuta kwenikweni: kiyibodi ndi chosindikizira, zilembo za ASCII, ndipo mzere uliwonse unkatha ndi CR motsatizana ndi LF. Kompyuta iliyonse inkangofunika kudziwa kumasulira pakati pa kalankhulidwe kake ndi ka terminal yongoganizirayo. Zinali ngati mmene zimakhalira pa msika wa Soweto ku Lusaka. Mlimi wochokera ku Sinda ndi matumba a mtedza safunika kuphunzira Chibemba, Chitonga ndi Chilozi kuti agulitse malonda ake, chifukwa ogula ambiri amakumana naye pa Chinyanja, ndipo aliyense akabwerera kwawo amalankhula chinenero chake.

Malamulo amenewa anatchedwa Telnet. Sinali nzeru ya munthu mmodzi, ndipo a Postel sanaitenge ngati yawo yokha. Ntchito yawo inali yosonkhanitsa zimene anthu ambiri anakangana ndi kugwirizana, n'kuzilemba momveka bwino moti munthu wa kutali, amene sanakhale nawo pamsonkhano, atha kupanga pulogalamu yoyenda bwino pongowerenga chikalatacho. Analemba chikalata cha Telnet mu 1972 ndi china mu 1980, ndipo mu Meyi 1983 iwo ndi mayi Joyce Reynolds anatulutsa chikalata cha nambala 854, chimene chinakhala muyezo wokhazikika.

Panali funso lina lovuta. Ngati onse atsikira pa terminal yosavuta chotere, kodi makina okhoza zambiri aluze luso lawo? Yankho, limene a Bernie Cosell a kampani ya BBN amadziwika nalo, linali kukambirana. Makina awiri akangolumikizana amayambira pa malamulo osavuta aja, kenako lililonse limatha kupempha kapena kulonjeza zoonjezera pogwiritsa ntchito mawu anayi: WILL, WON'T, DO ndi DON'T. Mbali iliyonse ili ndi ufulu wokana, ndipo ikakana, kulumikizana sikuduka. Onse amangokhalabe pa malamulo oyambira. Chitsanzo chake ndi nkhani ya amene ayenera kuonetsa zilembo zimene munthu akulemba. Mbali zonse ziwiri zikaonetsa, chilembo chilichonse chimatuluka kawiri. Zonse zikasiya, munthu amalemba osaona kanthu. Kukambirana komweku ndi kumene kumachititsa kuti mawu achinsinsi asaoneke pagalasi pamene munthu akuwalemba.

Kuyambira mu 1971 mpaka imfa yawo, a Postel anali mkonzi wa zikalata zotchedwa RFC, zimene a Steve Crocker anayambitsa mu Epulo 1969. Anagwirapo ntchito ku MITRE ndi ku Stanford Research Institute, ndipo mu 1977 anakhazikika ku Information Sciences Institute ya yunivesite ya Southern California, ku Marina del Rey. Zikalata zoposa 200 zili ndi dzina lawo. Zina mwa izo ndi za IP ndi TCP za mu 1981, zimene intaneti imayendera mpaka lero, cha imelo cha mu 1982, ndi cha katumizidwe ka mafayilo cha mu 1985. Anali munthu wa ndevu zazitali, wokonda kuvala nkhwayira ndi kuyenda m'mapiri, wosakonda kulankhula kwambiri pamisonkhano, koma wosalola chikalata chosamveka kudutsa patebulo lake.

Mu 1980 analemba mfundo imene akatswiri amaitchula ndi dzina lawo: pulogalamu izisamala kwambiri kuti zimene ikutumiza zikhale zotsata malamulo, koma isamafulumire kukana zimene yalandira chifukwa cha zolakwika zazing'ono. Mfundoyi inathandiza kuti makina a makampani ambiri alumikizane msanga. Inali ndi mtengo wake. Pulogalamu yolakwitsa ikamalandiridwa popanda wodandaula, cholakwikacho chimakhazikika mpaka ena onse amakakamizika kuchitsatira, ndipo mu 2023 bungwe la Internet Architecture Board linatulutsa chikalata chochenjeza za vuto limeneli.

Ntchito ina imene a Postel anadzipereka kuigwira mu 1972 inali yosunga kaundula wa manambala. Ntchito iliyonse ya pa intaneti imafuna nambala yodziwika kwa onse, monga 23 ya Telnet ndi 25 ya imelo, ndipo pafunika wina woonetsetsa kuti anthu awiri asatenge nambala imodzi. Kaundulayu anakula mpaka anakhala ofesi yotchedwa IANA. Ofesi yomweyi ndi imene inkapereka ku mayiko zilembo ziwiri za kumapeto kwa maadiresi: .zm ya Zambia, .mw ya Malawi ndi .mz ya Mozambique. Mu Malichi 1994 a Postel analemba chikalata chofotokoza kuti wolandira udindo wa zilembozi sakhala mwini wake, koma wosungira anthu a dziko lakelo.

Chaka chomwecho chinali chachikulu ku Zambia. Yunivesite ya Zambia inali itayamba kutumiza ndi kulandira maimelo mu 1991 kudzera ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Mu 1994 inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo mu Novembala chaka chimenecho Zambia inalumikizidwa mokwanira ku intaneti, kukhala dziko loyamba kutero kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kupatula South Africa. Poyamba intaneti inali ya anthu ochepa okhala ndi lamya ya waya ndi modemu. Ku midzi ya chigawo cha Kum'mawa inadzafika ndi mafoni a m'manja, ndipo Sinda ndi Vubwi pokhala maboma paokha mu 2012, a Postel anali atamwalira zaka 14 m'mbuyomo. Udindo wa .zm tsopano uli m'manja mwa bungwe la ZICTA.

Terminal yongoganizira ija inasiya ena kunja. Dongosolo la ASCII lili ndi malo 128 okha, ndipo linapangidwira Chingerezi. Chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka m'mabuku ambiri a Chinyanja ndi m'dzina lakuti Malaŵi, munalibe. Njira inapezeka ndi Unicode, makamaka dongosolo la UTF-8 limene a Ken Thompson ndi a Rob Pike anakonza mu 1992, m'mene zilembo za ASCII zinasiyidwa pa manambala awo akale ndipo zilembo zina zinapatsidwa malo. Ngakhale zili choncho, katswiri wa ku Katete amene akulowa m'makina a Linux a ku Lusaka ndi pulogalamu ya PuTTY pa Windows amayenera kuonetsetsa kuti mbali zonse ziwiri zikuyendera UTF-8. Pulogalamu yake ikakhala pa dongosolo lakale la kumadzulo kwa Ulaya, dzina lija limatuluka ngati MalaÅµi. Amayeneranso kuona kuti mtundu wa terminal umene pulogalamuyo ikulengeza, monga xterm kapena VT100, ndi wodziwika kwa makina a tsidya linalo, ndiponso kuti batani lofufutira likutumiza nambala yoyembekezeka, pakuti makina ena amadikira 8 ndipo ena 127. Mafayilo olembedwa pa Windows amathetsabe mizere ndi CR ndi LF, pamene a Linux amathetsa ndi LF yokha, ndipo kusiyana kochepaku kumatha kuimitsa pulogalamu imene inkayenda bwino pa makina ena.

Chofooka chachikulu cha Telnet chinali chakuti imatumiza zonse poyera, kuphatikizapo mawu achinsinsi. Pakati pa ofufuza ochepa odziwana zimenezi sizinkadetsa nkhawa, koma intaneti itatsegukira dziko lonse zinakhala zoopsa. Mu 1995 a Tatu Ylönen a ku Finland analemba pulogalamu ya SSH, yobisa uthenga wonse, ndipo ndi imene inalowa m'malo mwa Telnet. Nambala yake, 22, anaipempha ku ofesi ya IANA yomwe ija.

M'chaka chawo chomaliza, a Postel analowa m'mkangano waukulu. Boma la America linali kukonza zosintha kayendetsedwe ka mayina a pa intaneti. Pa 28 Januwale 1998 iwo anatumiza imelo kwa oyang'anira makina asanu ndi atatu mwa makina aakulu osunga kaundula wa mayina, kuwapempha kuti azitenga kaundulayo ku IANA m'malo mwa kampani ya Network Solutions. Onse anamvera, popanda lamulo lililonse lowakakamiza. A Postel anafotokoza kuti kunali kuyesa chabe, koma akuluakulu a boma, motsogozedwa ndi mlangizi wa pulezidenti Bill Clinton, a Ira Magaziner, anawauza kuti abweze zinthu mwakale, ndipo anatero m'masiku ochepa. Nkhaniyi inaonetsa kuti ulamuliro waukulu chotere unali utatsamira pa chikhulupiriro cha anthu mwa munthu mmodzi. Mu Seputembala chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la ICANN kuti litenge ntchito za IANA, ndipo a Postel, amene anathandiza kukonza malamulo ake, anamwalira patangopita masabata awiri ndi masiku ochepa.

A Vint Cerf analemba mawu owakumbukira, amene anasindikizidwa ngati chikalata cha RFC cha nambala 2468. Ntchito ya ukonzi anaipitiriza mayi Joyce Reynolds pamodzi ndi a Bob Braden. Kuyambira mu 1999 bungwe la Internet Society limapereka mphoto ya dzina la a Postel, ndipo mu 2007 anailandira ndi a Nii Quaynor a ku Ghana chifukwa cha ntchito yawo yokhazikitsa intaneti mu Africa.