Will Geer, agogo a pa kanema amene dimba linawasunga

Pakati pa anthu ocita masewero a pa wailesi ya kanema ku America, alipo ena amene sakhala eni nkhani. Iwo amacita mbali ya agogo, ya amalume kapena ya mnansi, koma akasowa, sewero limazizira. Mmodzi wa anthu otere anali a Will Geer, amene anachuka monga agogo Zebulon Walton m'sewero lochedwa The Waltons. Mbiri yao ndi yofunika kuti alimi aimve, cifukwa pamene makomo a nchito anawatsekera, cimene cinadyetsa banja lao ndi dimba.

A Geer anabadwa pa 9 Marichi 1902 m'tauni ya Frankfort, m'cigawo ca Indiana. Ali mwana, agogo ao aamuna anali kuyenda nao m'thengo ndi kuwaphunzitsa maina a mitengo ndi zitsamba. Atakula anapita ku University of Chicago kukaphunzira za zomera. Komabe mtima wao unali pa masewero, ndipo anayamba nchitoyi m'magulu oyendayenda, ocita masewero m'matenti ndi m'maboti a pamtsinje.

Kuyambira mu 1929 cuma ca America cinagwa, mafakitale anatsekedwa ndipo alimi ambiri anataya minda cifukwa ca ngongole. A Geer anaima ku mbali ya osauka. Anali kuyendera misasa ya anchito pamodzi ndi oimba Woody Guthrie ndi Burl Ives, kucita masewero ndi kuimba nyimbo zolimbikitsa mabungwe a anchito. Analowanso cipani ca Komyunizimu. Nchito yao inapita patsogolo: mu 1937 anali m'sewero la Of Mice and Men ku New York, ndipo mu 1950 anacita mbali ya Wyatt Earp mu filimu ya Winchester '73. Anakwatira mai Herta Ware, nabereka ana atatu.

Zinthu zinatembenuka mu 1951. Pa nthawiyo America inali pa udani ndi Soviet Union, ndipo komiti ya aphungu a nyumba ya malamulo inali kuitana anthu a mafilimu kuti aulule ngati anali a Komyunizimu ndi kuchula maina a anzao. Ochula maina anali kubwerera ku nchito, okana anali kulembedwa pa mndandanda wa anthu osayenera kulembedwa nchito. A Geer ataitanidwa anakana kuyankha, ndipo sanachule munthu. Makampani aakulu a mafilimu anawafulatira pomwepo, ali ndi zaka pafupifupi 50.

Apa ndi pamene maphunziro a zomera anagwira nchito. Banja linakhazikika pa malo ena ku Topanga Canyon, pafupi ndi Los Angeles, ndipo a Geer anagwira khasu. Anali kulima ndiwo zamasamba, zipatso ndi zitsamba zonunkhiritsa cakudya, n'kumagulitsa. Pa malo omwewo anzao amene anacotsedwa nchito anali kusonkhana ndi kucita masewero panja. Mu 1954 anaoneka mu Salt of the Earth, filimu yonena za sitalaka ya anchito a mu mgodi ku New Mexico, imene inapangidwa ndi anthu okanidwa ngati iwo. Nyumba zambiri za kanema zinakana kuionetsa. Caka comweco ukwati wao unatha.

Pang'ono ndi pang'ono anapezanso nchito m'masewero a pa pulatifomu, makamaka a Shakespeare ku Stratford m'cigawo ca Connecticut, kumene analimanso munda wa zomera zochulidwa m'mabuku a mlembiyo. Ku mafilimu aakulu anabwerera mu 1962, papita zaka 11, mu Advise and Consent.

Kuchuka kwenikweni kunadza mu 1972, iwo ali ndi zaka 70. The Waltons inali nkhani ya banja la kumudzi ku Virginia m'zaka za umphawi zija, makolo, ana 7 ndi agogo awiri m'nyumba imodzi. Agogo Zebulon anali munthu wanthabwala, wokonda phiri lao ndi wodziwa comera ciliconse. Mbali imeneyi a Geer sanacite kuiphunzira, anali ataikhala kale. Mu 1975 analandira mphoto ya Emmy. Ndalama za sewerolo zinawathandiza kukonzanso malo a ku Topanga pamodzi ndi mai Herta ndi ana, ndipo mu 1973 anatsegula bwalo la masewero lochedwa Theatricum Botanicum, pakati pa mitengo.

Anamwalira pa 22 Epulo 1978 ndi matenda a m'cifuwa, ali ndi zaka 76. Olemba sewero sanafune munthu wina wolowa m'malo mwao. Analemba kuti agogo Zebulon nawonso amwalira. Phulusa la thupi lao linaikidwa m'munda wao, ndipo mwana wao Ellen anatenga utsogoleri wa bwalolo.

Munthu angathe kutsutsa ndale za a Geer, ndipo ambiri anazitsutsa. Koma kukana kugulitsa anzako kumafuna kuti ukhale ndi podyera pena, cifukwa njala imatsegula pakamwa. Iwo anali ndi khasu ndi nzeru za agogo ao. Inu makolo amene ana anu ali kusukulu, musaleke kupita nao kudimba.