David Livingstone ndi Zaka za M'nyumba Yopotera Thonje

Abale anga a ku migodi ndi a m'mapulazi, dzina la David Livingstone mulidziwa nonse, pakuti ngakhale mudzi wa Blantyre unatenga dzina la kwao kumene iye anabadwira. Koma anthu pomsimba athamangira ku mkango umene unamluma pa Mabotsa m'chaka cha 1844, ndi ku mathithi a Zambezi amene anawaona mu 1855, nalumpha zaka 13 zimene munthuyu anagwira nchito imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Zaka zimenezo ndizo ndifuna kukusimbirani, inu amene mudziwa kulema kwa masiku ofanana.

Anabadwa pa 19 March 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde. Atate wake, a Neil, anali kugulitsa tiyi, ndipo banja lonse linali kugona m'chipinda chimodzi. Pokwanitsa zaka 10 mwanayo analowa nchito m'nyumba yaikuru yopotera thonje. Nchito yake inali kulumikiza ulusi woduka pa makina. Anali kuyamba 6 koloko mamawa, naweruka 8 koloko usiku, masiku 6 pa sabata, m'kutentha ndi m'phokoso. Ulusi ukaduka, alumikize, ukadukanso, alumikizenso, ndipo madzulo panalibe kanthu koti aloze ndi chala kuti ichi ndachita ine.

Atalandira malipiro a sabata yoyamba, anapatulako pang'ono nagula buku lophunzirira Chilatini. Poweruka anali kupita ku sukulu ya usiku kufikira 10 koloko, ndipo pofika kunyumba anali kuwerengabe mpaka pakati pa usiku, ngati amake sanamlande bukulo. Koma chimene chindizizwitsa ine ndi ichi: usana anali kutsamiritsa buku pa makina omwewo, ndipo podutsa anali kutolapo mau owerengeka, napitirira ndi ulusi wake, nabweranso kudzatola ena. Sanadikire tsiku lopuma kuti aphunzire, chifukwa tsikulo silikadafika. Pambuyo pake chizolowezichi chinamthandiza kulemba ndi kuwerenga pa maulendo ake, ngakhale pakati pa ng'oma ndi ana osewera.

Anzake ambiri tulo tinali kuwagonjetsa pa sukulu ija, ndipo ine sindiwaneneza, pakuti thupi la mwana logwira nchito maora otere liribe mlandu likagona.

Ali ndi zaka ngati 19 anamkweza kukhala wopota, ndipo malipiro anakwerako. Anasunga ndalama, ndipo mu 1836 analowa Anderson's College ku Glasgow kukaphunzira udotolo. Nyengo yachisanu anali kuphunzira, nyengo yotentha nabwerera ku makina aja kukafuna ndalama za sukulu. A London Missionary Society anamlandira pa mayeso mu 1838, koma tsiku lina atamtuma kukalalikira pa Stanford Rivers, anaima pamaso pa anthu, mau onse namthawa, natuluka ndi manyazi. Anatsala pang'ono kukanidwa. Anamuonjezera nthawi, napirira, nalandira udotolo wake mu November 1840, nafika ku Kuruman mu 1841.

Musaganize kuti ku Africa kuno masiku ake onse anali a zodabwitsa ai. Pa Kolobeng, kuyambira 1847, anamanga nyumba ndi manja ake, nakumba ngalande yothirira minda, koma chilala chinaumitsa mtsinje. Pa zaka zonse anakhala pamenepo, wodziwika kuti anatembenuka ndi mau ake ndi mmodzi yekha, mfumu Sechele, amene anabatizidwa mu 1848. Atakalamba, mu 1870, zironda za kumapazi zinamtsekera m'kanyumba pa Bambarre masiku 80, kutali ndi abale ake. M'dziko limenelo la Manyema anawerenga Baibulo lonse kanai, nalemba za ulendo wake pa mapepala akale pamene mapepala abwino anamthera.

Tisabise kuti kulimba mtima kumeneku kunali ndi mtengo wake, ndipo ena ndiwo analipira. Ana ake anakula osamdziwa bwino atate wao. Mkazi wake Mary anamwalira ndi malungo pa Shupanga mu 1862. Azungu anzake a pa ulendo wa Zambezi, ulendo umene unamfikitsa ku Nyanja ya Malawi mu 1859, anamuona ngati munthu wouma mtima, wosamvera wodwala chisoni, ndipo boma la kwao linathetsa ulendowo mu 1863. Munthu amene anazolowera kusasamala kutopa kwake anabvutika kuona kutopa kwa anzake.

Anamwalira pa 1 May 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero liri Zambia. Susi, Chuma ndi anzao anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, naumitsa thupi ndi mchere padzuwa, nalinyamula miyezi ngati 9, mtunda woposa mamailosi 1,000, kufikira ku Bagamoyo. Ambiri a iwo anadwala panjira, ena nafa. Thupilo linaikidwa m'manda ku Westminster Abbey pa 18 April 1874.