Ulaliki Woonedwa ndi Maso: Moyo wa David Livingstone

*Mawu a sabata ino:* Mateyu 5:13-16 ndi 2 Akorinto 3:2-3

 

Munthu amene tikukamba lero mumamutchula tsiku lililonse, chifukwa tauni yathu ino imadziwika ndi dzina lake. Koma kodi mukudziwa kuti pa zaka zoposa 30 zimene David Livingstone anagwira ntchito mu Africa, mbiri imatchula munthu mmodzi yekha amene anatembenuka mtima ndi ulaliki wake? Mmodzi basi! Ndiye inu amayi amene mwapempherera amuna anu zaka zambiri osaona kusintha, inu achinyamata amene mumaika mavesi pa WhatsApp koma palibe mnzanu wabwera nanu kutchalitchi, werengani mpaka kumapeto.

Livingstone anabadwa pa 19 Marichi 1813 ku Blantyre, m'dziko la Scotland. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito m'fakitale ya thonje, kulumikiza ulusi woduka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Buku ankaliika pamakina n'kumawerenga pang'onopang'ono uku akugwira ntchito. Ndalama za m'fakitalemo ndi zimene zinamuthandiza kuphunzira udokotala ku Glasgow. Mtima wake unali woti akatumikire ku China, koma nkhondo inatseka njira. Atakumana ndi mmishonale Robert Moffat anasintha maganizo, ndipo mu 1841 anafika ku Kuruman, kumwera kwa Africa, wotumidwa ndi London Missionary Society.

Ku Kolobeng, komwe lero ndi m'dziko la Botswana, anamanga nyumba ndi manja ake, anakumba ngalande yothirira minda, n'kumachiza odwala. Kumeneko mu 1848 anabatiza Sechele, mfumu ya Abakwena. Mfumuyi inabweza akazi ake anayi kwawo n'kutsala ndi mmodzi. Patangopita miyezi, mmodzi mwa obwezedwawo anapezeka ndi pakati pa mfumu yomweyo, ndipo Livingstone anaiimitsa pa Mgonero. Tangoganizani: nkhosa ili imodzi, nayonso yagwa. Koma Sechele sanataye Baibulo. Anapitiriza kuwerenga ndi kuphunzitsa anthu ake ndi mitundu yoyandikana mpaka imfa yake mu 1892. Musafulumire kunena kuti mbewu yafa, abale. Mwina ili pansi, ikumera.

Manje mvetserani nkhani ya lonjezo. Mu Novembala 1853 mfumu Sekeletu ya Akololo inamupatsa amuna 27 kuti amuperekeze kuchokera ku Linyanti kupita kunyanja ya kumadzulo. Anafika ku Luanda mu Meyi 1854, iye atatheratu ndi malungo ndi matenda a m'mimba. Padoko panali mwayi wokwera sitima kupita ku England, kumene mkazi wake Mary ndi ana anali atakhala zaka ziwiri osamuona. Ndani akanamunena? Koma anali atalonjeza kuti amuna aja adzawabweza kwawo, ndipo anakana kukwera. Sitima imene inanyamula makalata ndi mapu ake inamira panyanja. Iye anakhala pansi n'kulembanso zonse ali m'njira, pa ulendo wa chaka chathunthu wokawasiya anthu aja kwawo.

Amuna 27 amenewo mwina anaiwala maulaliki ake ambiri. Koma anaona ndi maso kuti munthu wa Yesu akanena mawu amawasunga. N'chifukwa chake Sekeletu anamupatsanso anthu oposa 100, ndipo mu Novembala 1855 eni dera lino anamukweza m'bwato n'kumufikitsa pachisumbu cha pamwamba pa Mosi-oa-Tunya, pano pakhomo pathu.

Tisamusandutse mngelo ayi. Anali wouma mutu, wosachedwa kukangana ndi azungu anzake. Ana ake anakula osamudziwa bwino, ndipo Mary anamwalira ndi malungo ku Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, mu Epulo 1862. Imfa imeneyi inamuswa mtima. Abambo, phunzirani pano: ana anu ndiwo oyamba kuwerenga moyo wanu. Musawale kutchalitchi n'kuzima pakhomo.

Chinanso chimene ankachita mosalekeza ndi kulemba. Mitsinje, matenda, mitengo ya zinthu, mapemphero ake, ngakhale kufooka kwake, zonse ankaziika m'buku la tsiku ndi tsiku. Pa 15 Julayi 1871, pamsika wa Nyangwe m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba, ogula akapolo anawombera anthu, ndipo mazana anafa, ambiri a iwo amayi ogulitsa malonda. Mapepala ndi inki zinali zitamuthera. Anatenga nyuzipepala yakale, n'kupanga inki kuchokera ku njere za mtengo, n'kulemba pamwamba pa zilembo zakalezo. Nkhaniyo itafika ku Britain inagwedeza anthu, ndipo mu Juni 1873 msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa. Iye sanazione zimenezi.

Anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Chitambo, kufupi ndi madambo a Bangweulu, muno m'Zambia. Anamupeza atagwada pambali pa bedi. Panalibe mzungu aliyense pamalopo. Anthu ake akanatha kugawana katundu n'kubalalika. M'malo mwake anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa mpundu, Jacob Wainwright anawerenga mawu a pamaliro, thupi analiumitsa ndi mchere padzuwa, n'kulinyamula. Motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, amuna ndi akazi anayenda mtunda wa makilomita oposa 1,500 kwa miyezi 9, akudwala m'njira, mpaka ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874. Anaikidwa ku Westminster Abbey, ku London, pa 18 Epulo 1874.

Anali ndani anthuwa? Chuma anali kamnyamata ka Chiyao kamene kanamasulidwa kwa ogula akapolo mu 1861, kumapiri a ku Shire. Susi anayamba ngati wodula nkhuni za sitima ku Shupanga, ndipo zaka zonse zimene anayenda ndi Livingstone sanabatizidwe. Anamuona akudwala, akukwiya, akupemphera, akugawa chakudya chochepa. Mu 1886, patapita zaka 13 bwana wake atamwalira, Susi anabatizidwa. Dzina limene anatenga? David. Aleluya!

Tsono bwerani nazo kwanu. Inu a pamsika wa Maramba, kasitomala akaiwala chenji, mumatani? Inu oyendetsa takisi, mlendo wopita kumathithi mumamutchulira mtengo womwewo umene mumatchulira mwana wa kuno? Inu amene munakongola kwa aneba anu ku Dambwa kapena ku Libuyu n'kulonjeza kubweza kumapeto kwa mwezi, mwezi wake unali uti? Wantchito wanu wa pakhomo angakunyamuleni ngakhale kilomita imodzi? Anthu ambiri sadzatsegula Baibulo chaka chino, koma inu amakuwerengani kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

*Chitani izi sabata ino:*
1. Kumbukirani lonjezo limodzi limene simunakwaniritse. Likwaniritseni, kapena pitani mukapepese.
2. Usiku uliwonse lembani m'kabuku kapena pafoni chinthu chimodzi chimene Mulungu wakuchitirani, ndi pamene mwalephera. Lembani zoona, osakometsera. Tsiku lina zidzalimbikitsa mwana wanu kapena mbale wofooka.
3. Munthu uja munatopa naye, yambiraninso kumupempherera ndi dzina.

Mukapeza mpata, lowani ndi ana mu Livingstone Museum pa msewu wa Mosi-oa-Tunya, mukawaonetse makalata amene munthuyu analemba ndi dzanja lake.

*Tipemphere:* Atate wakumwamba, tikhululukireni pamene pakamwa pathu patchula Yesu koma zochita zathu zamukana. Mzimu Woyera, tidzazeni ndi mphamvu yosunga mawu athu pamsika, kuntchito ndi pakhomo. Mbewu zimene tafesa ndi misozi muzimeretse pa nthawi yanu, ngakhale ife titapita. M'dzina lamphamvu la Yesu Khristu, Amen.

Mukhale ndi sabata yodalitsika. Tumizirani uthengawu munthu mmodzi amene watopa.