Samuel Josia Nthara (1905–1976): Mphunzitsi Amene Anaika Mbiri ya Achewa m'Buku

Pakati pa amene asonkhana pamwambo uno alipo akuluakulu amene anayamba kuwerenga za Kalonga, za Undi ndi za ulendo wa makolo kuchokera ku Uluwa m'buku lotchedwa Mbiri ya Achewa. Mlembi wake anali malemu Samuel Josia Nthara, amene m'mabuku ena dzina lawo limalembedwa kuti Ntara.

A Nthara anabadwa m'chaka cha 1905, dziko la Malawi lisanatchedwe n'komwe Nyasaland. Anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Dutch Reformed Church, imene likulu lake linadzakhala ku Nkhoma, ndipo anagwira ntchito ya uphunzitsi. Masiku amenewo wofuna kuti zolemba zake za m'Chinyanja zisindikizidwe ankadalira makina a amishoni, ndipo makinawo ankatanganidwa ndi mabuku a nyimbo, a katekisima ndi a sukulu. Nkhani yopeka ndi munthu wakuda sinkapezamo malo wamba.

Mwayi unachokera kutali. Bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures linkachititsa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa. A Nthara anatumizako nkhani ya Nthondo, napambana mphotho, ndipo bukulo linasindikizidwa ku Nkhoma mu 1933. Chodabwitsa n'chakuti linapambana m'gawo la mbiri ya moyo wa munthu, chikhalirecho Nthondo sanakhaleko ndi moyo. Mlembi anamuumba yekha, namutsata kuyambira kubadwa, ubwana wa umbava ndi kusamvera, ulendo wokafuna ntchito kunja, kubwerera kumudzi ndi kulowa ufumu, mpaka kutembenuka mtima ndi kumwalira. Anamuumba mwaluso kotero kuti wowerenga ankaona ngati akumva za mnansi wake.

Ofufuza za mabuku ena amati mathero a nkhaniyi ndi omwe amishoni akanawafuna, poti munthu woipa akulapa n'kulowa mpingo. Pali choonadi pamenepo, ndipo a Nthara eni ake anali mkhristu wokhazikika. Koma wowerenga mofatsa amaona kuti masamba ambiri a bukuli ali pa moyo wa m'mudzi: chikuta, maliro, milandu ya pabwalo, udindo wa amalume, mantha a ufiti. Mishoni imene inkalimbana ndi miyambo ina ya Achewa, makamaka Nyau, ndiyo inasindikiza buku limene linasunga chithunzi cha mudzi wa Achewa chisanafufutike.

Chaka chotsatira, mu 1934, m'busa Thomas Cullen Young, amene anatumikirapo ku Livingstonia, anamasulira bukuli m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Linatuluka ku London, mawu oyamba atalemba katswiri wa sayansi Julian Huxley. Young yemweyo anamasuliranso Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, yomwe inatuluka mu 1949 m'dzina lakuti Headman's Enterprise. Pano ndiye a Nthara ankalemba za munthu weniweni, ndipo anachita kufunsa amene ankamudziwa.

Ntchito yofunsa akuluakuluyi ndiyo inabala Mbiri ya Achewa, yomwe inatuluka koyamba m'zaka za m'ma 1940. Inali ntchito yolemetsa. Mbiri ya Achewa inali m'mitu mwa mafumu ndi nkhalamba, aliyense akusimba monga anamvera kwa makolo ake, ndipo mbumba iliyonse ikukweza mzere wake wa ufumu. Wolemba anayenera kusankha choika patsogolo ndi chosiya, akudziwa kuti chimene chalowa m'buku anthu adzachitenga ngati chigamulo. 

Mu 1973 bukuli linatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden m'dziko la Germany, womasulira ali W. S. Kamphandira Jere. Katswiri wa mbiri yakale Harry Langworthy, amene anafufuza za ufumu wa Undi, anaikamo ndemanga zake, akufananiza zimene a Nthara analemba ndi zimene iye anamva kwa akuluakulu a madera ena. Pena anagwirizana, pena anasiyana. Kusiyanako sikunatsitse bukulo. Kunangoonetsa kuti ntchito ya mphunzitsi wa ku Nkhoma inali itafika poti akatswiri a kutsidya kwa nyanja n'kumaiyeza mutu ndi mutu.

A Nthara analembanso mbiri ya m'busa Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa akuda oyambirira a Nkhoma, ndiponso Mau Okuluwika m'Chinyanja. Anaona ndi maso awo Chichewa chikukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, patapita zaka 35 chisindikizireni Nthondo. Anamwalira mu 1976.